Dzina la Amayi linafika ku Joni eni ake akadali ku Lumbadzi

Mlongo wanga wa ku Johannesburg atachira, panalibe zokambirana zambiri. Amayi anayenera kupita kukaona mdzukulu ndi kukamuthandiza mwana wawo pa chikuta. Vuto linali mawondo. Basi ya ku Joni ndi ya anthu olimba: masiku awiri kapena kuposa uli pampando, kutsika pa Nyamapanda, kutsikanso pa Beitbridge, kuima pamzere usiku ndi chikwama kumanja. Alamu anangoti, "Akwere ndege, ndalama nditumiza." Ntchito yogula tiketi inagwera ine, poti ndine ndimakhala nawo kuno ku Chibavi, mumzinda wa Mzuzu, chiwatengereni kumudzi ku Kasungu, Bambo atatisiya.

Ndinachita zimene aliyense amachita. Mtauni muno muli mnyamata wina amene amagulira anthu matiketi, makamaka amalonda okapikula katundu kunja. Anati ndijambule tsamba la pasipoti ndimutumizire pa WhatsApp, ndipo ndinatumiza osaganiza kawiri. Anafunsa ngati agogowo amayenda bwinobwino. Ndinati amayenda koma mtunda wautali ayi, iye n'kuti awalembera kanjinga kokankha. Pofika madzulo pepala linali litabwera, pamwamba pake pali zilembo ndi manambala 6 zosakanikirana. "Zimenezo musataye," anatero.

Tinanyamuka m'mawa chifunga chitaphimba Katoto yense, kudutsa m'Chikangawa anthu atafunda zitenje mpaka kumutu, kuima pa Jenda, kukagona ku Lilongwe kwa achibale. Kutacha tinali pabwalo la ndege la Kamuzu nthawi ikadalipo yambiri, chifukwa Amayi sakhulupirira kuti chinthu cha injini chingadikire munthu.

Mayi wa pa kauntala analandira pasipoti, kuidutsitsa pa kamakina, kuyang'ana pa kompyuta, kuidutsitsanso. Kenako anati, "Agogo, tadikirani pang'ono," n'kuitana wamkulu wake.

"Achemwali, chavuta n'chiyani?" ndinafunsa.

"Dzina la pa tiketi ndi la m'pasipoti akusiyana pang'ono. Tikonza. Tikakonza titumize, akayankha ku South Africa ndiye tiwapatse kapepala kokwerera."

Amayi anandikoka malaya. "Akayankha ndani? Awaimbira foni?"

Dzina lathu lili ndi kachizindikiro kaja kali mu Ng'oma kapena Ng'ambi. Pansi pa tsamba la pasipoti pali mizere iwiri ya zilembo zazikuluzikulu zosakanikirana ndi timivi toloza kumanzere, mzere uliwonse malo 44. Ndi mizere imeneyi imene makina amawerenga, osati zolembedwa pafupi ndi chithunzi, ndipo mmenemo kachizindikiro kathu kalibe malo: Ng'oma amasanduka NGOMA. Mnyamata uja, poona kuti kompyuta yake ikukana kachizindikiroko, anangosiya mpata, dzina n'kuduka pawiri. Kwa ine ndi inu ndi munthu yemweyo. Kwa makina ndi anthu awiri.

Zinatha mphindi ngati makumi awiri basi. Koma funso la Amayi linanditsatira mpaka kubwerera ku Mzuzu. Ndinawafotokozera pomwepo mmene ndinamvera kuti boma la kumene akupita limayamba lalandira dzina lawo ndege isananyamuke, ndipo ndi ilo limavomereza kuti akwere. Ndimayembekezera kuti akwiya. Iwo anangogwedeza mutu. "Ndi ulemu umenewo. Mlendo salowa m'mudzi ngati mbuzi. Amayamba waonekera kwa amfumu."

Ndakhala ndikulimbana nawo mawu amenewa mumtima, chifukwa mbali ina akunena zoona.

Zimene zinatumizidwa pa kauntala paja a zandege amazitcha Advance Passenger Information, mwachidule API. Ndi zomwe zili m'pasipoti: dzina, tsiku lobadwa, mwamuna kapena mkazi, dziko, nambala ya pasipoti, tsiku lothera, kuphatikizapo nambala ya ndege ndi kumene ikuchokera ndi kupita. Maiko ena amangolandira mndandanda wa okwera onse ndege ikanyamuka. Ena amafuna kuyankha pa munthu aliyense payekha, akwere kapena asakwere. South Africa inayamba njira yachiwiriyi mu 2009, pokonzekera mpira wa World Cup wa 2010. Ndiye chipata cha dziko lawo sichili pa bwalo la ndege la OR Tambo ku Joni pokha ayi. Kwa Mmalawi chimayambira ku Lumbadzi kapena ku Chileka, pa kauntala ya kampani ya ndege, ndipo amene akukuuza kuti sukwera ndi Mmalawi mnzako amene sakudziwa n'komwe chifukwa chake. Iye wangoona yankho pa galasi.

Izi sizinandidetse nkhawa kwambiri. Pasipoti timaipereka kale pachipata, ndipo ngati afuna kuiona maola awiri tisanafike, aione.

Chimene chinandikhazika pansi ndi zilembo 6 zija. Ndi kiyi wa kaundula wina wotchedwa Passenger Name Record, kapena PNR, amene amatseguka tsiku limene mwagula tiketi. Kaundulayu sanapangidwire apolisi. Ndi buku la malonda la makampani a ndege, lochokera zaka za m'ma 1960 pamene American Airlines ndi IBM anapanga makina osungitsira malo otchedwa Sabre. Lero matiketi ambiri amadutsa mwa makampani ochepa monga Sabre ya ku Texas, Amadeus ya ku Madrid ndi Travelport. Mkati mwake mumalembedwa tsiku limene tiketi yagulidwa, amene wagulitsa, mmene ndalama yaperekedwera, nambala ya foni ndi imelo, ulendo wonse ndi malo osinthira ndege, mpando, zikwama zingati, anthu amene mwagulira limodzi, ngati munasinthapo tsiku kapena kulephera kukwera. Palinso malo a zopempha zapadera. Kanjinga ka Amayi kanalowa ngati WCHR. Msilamu akapempha chakudya chake pamalembedwa MOML. Palibe amene wakufunsani za thanzi lanu kapena chipembedzo chanu, koma wodziwa kuwerenga wadziwa.

Taganizirani kondakitala wa basi ya ku Karonga atamalemba m'kabuku kuti uyu walipira ndi ndalama zachitsulo, wakhala ndi mayi wakuti, wanyamula thumba limodzi popita koma anayi pobwera, ndipo kabukuko n'kumakapereka kupolisi tsiku lililonse. Tikanati ndi kazitape. M'ndege zimenezi ndi lamulo.

Chiyambi chake chimadziwika. Zigawenga zitagwetsa ndege ku New York ndi Washington pa 11 Seputembala 2001, America inakhazikitsa lamulo chaka chomwecho lokakamiza ndege zonse zolowa m'dzikomo kupereka mbiri ya okwera. Kenako nkhondo ya ku Syria ndi Iraq inayamba kukoka achinyamata a maiko osiyanasiyana, ambiri akuyenda pa ndege wamba ndi mapasipoti awo enieni. Nthambi ya zachitetezo ya United Nations inapereka chigamulo nambala 2178 mu 2014 chopempha maiko kuti azitenga API, ndipo mu Disembala 2017 chigamulo nambala 2396 chinasandutsa pempholo kukhala udindo, n'kuwonjezera kuti dziko lililonse likonze njira yotengera ndi kusanthula PNR. Chigamulo chotere chimamanga mamembala onse, Malawi yemwe. Mu 2019 bungweli linayambitsa pulogalamu yothandiza maiko osauka kukhazikitsa zimenezi, ndi makina otchedwa goTravel amene dziko la Netherlands linapereka. Ndiye si nkhani ya azungu okha. Aliyense wokwera ndege yodutsa malire ali m'gulu.

Sindikufuna kunamizira kuti zilibe phindu. Munthu wogulitsa atsikana kunja amagwidwa ndi zinthu ngati zimenezi: khadi imodzi kulipirira atsikana khumi osadziwana, nambala ya foni imodzi pa matiketi ambirimbiri, onse ulendo wopita kokha. Tinamva tonse za amayi athu amene anakavutika m'nyumba za anthu ku Oman. Ngati kaundula angathandize kuti wina abwezedwe asanakwere, ine sindingatsutse.

Koma taonani chizindikiro chomwecho. Nambala ya foni imodzi pa matiketi ambirimbiri ndi mnyamata wanga uja wa mtauni, chifukwa pa tiketi ya Amayi analemba nambala yake ndi imelo yake. Khadi imodzi kulipirira anthu osadziwana ndi yemweyo, chifukwa ambiri a ife tilibe khadi yogulira zinthu kunja, timamupatsa ndalama pamanja kapena pa foni iye n'kulipira. Kugula tiketi kutatsala tsiku limodzi ndi mmene timayendera pa maliro, kapena ndalama ikapezeka mochedwa. Mayendedwe amene makina anaphunzitsidwa kuti ndi okayikitsa ndiwo mayendedwe a munthu wosauka. Amayi anga, mayi wa mvano, analumikizidwa m'kaundula ndi anthu onse amene mnyamatayo anawagulirapo tiketi, ndipo sindikudziwako ngakhale mmodzi.

Apa ndi pamene fanizo la amfumu likuthera. Ukapita kwa amfumu amakuona nkhope. Amakufunsa, umayankha. Wina akakunamizira umati ayi, si ine, ndi mwana wa amalume. Ndipo amfumu amaiwala, kapena amamwalira nazo. Kaundula uyu amalembedwa ndi ena, amawerengedwa ndi ena, ndipo mwini dzina sauona.

Ku Ulaya anakangana nazo kwambiri. Lamulo lawo la PNR la 2016 linalola kusunga mbiriyi zaka 5, maina n'kubisidwa pakatha miyezi 6, ndipo linaletsa kugwiritsa ntchito zosonyeza mtundu, chipembedzo kapena thanzi la munthu. Ngakhale choncho bungwe lina la ufulu wa anthu ku Belgium linakasuma, ndipo mu Juni 2022 khoti lalikulu la European Union linagamula kuti kusunga za aliyense zaka 5 popanda chomukayikira n'kupyola muyeso. America, pa mgwirizano wake ndi Ulaya wa 2012, imasunga mpaka zaka 15. Mdzukulu amene Amayi anakamuona ali m'chikuta angafike ku sekondale mbiri ya ulendo ngati umenewu ikadali penapake.

Ndiye pali nkhani ya maina. Mu 2004 Ted Kennedy, senator wodziwika m'dziko lonse la America, anauza anzake kuti anaimitsidwa kangapo pamabwalo a ndege chifukwa dzina lofanana ndi lake linali pa mndandanda wa okayikiridwa. Iye anali ndi nambala ya nduna, komabe zinatenga masabata kuti zikonzedwe. Tsono bwerani kwathu kuno. A Banda alipo angati? A Phiri, a Mwale, a Nyirenda, a Gondwe? M'kalasi imodzi ya pulayimale umapeza ana atatu dzina loyamba ndi lomaliza lofanana, aphunzitsi n'kumawasiyanitsa ndi A, B ndi C. Makina amasiyanitsa anthu ndi tsiku lobadwa, koma Amayi tsiku lawo silidziwika. Agogo ankangoti anabadwa chaka chimene chitaganya chinayamba, nthawi yokolola. Polemba chitupa panaikidwa 1 Januwale 1953, ndipo si okha, akuluakulu ambiri anapatsidwa tsiku lomweli. Dzina lofala ndi tsiku lobadwa lofala, mukaziphatikiza, munthu wosalakwa atha kusenza mlandu wa mnzake amene sanamuonepo.

Ndipo si munthu payekha amene amayesedwa. Mu Ogasiti 2025 America inalengeza kuti Amalawi ndi anthu a ku Zambia ofuna viza yokacheza kapena ya bizinesi azipereka chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000. Chimodzi mwa zifukwa zimene anapereka ndi chiwerengero cha anthu opitirira masiku awo. Chiwerengerocho amachipeza poyerekeza maina a olowa ndi mindandanda ya otuluka imene makampani a ndege amatumiza. Dzina likalowa koma osaoneka likutuluka, limawerengedwa pa dziko lonse. Ikawola imodzi zawola zonse, ndipo amene anayenera kulipira ndi mphunzitsi wa ku Luwinga amene waitanidwa ku msonkhano wa masiku asanu.

Akuluakulu amene anayendapo nthawi ya Kamuzu amasimba za chipata cha masiku amenewo. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo mlendo wamwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa asanalowe m'dziko. Zinali zoseketsa, zinalinso zankhanza, koma munthu ankadziwa chimene wamuimitsira. Ankatha kuchigwira ndi dzanja.

Chinthu china chimandivuta ndikakhala kuno kumpoto. Ukonde wonsewu waponyedwa mumlengalenga, pamene anthu athu ambiri amayenda pansi. Amayi a pa Taifa Market amapita ku Kyela ndi ku Dar es Salaam pa basi, kudzera pa Songwe. Anyamata a ku Mzimba amapita ku Joni pa msewu. Bwalo lathu la ndege lili pakati pa tauni, timalidutsa tsiku ndi tsiku popita kumsika, koma ambiri sitinalowemo. Ndipo amene amazembetsedwa zenizeni sadutsa pa kauntala iliyonse. Mu Okutobala 2022 m'nkhalango ya Mtangatanga ku Mzimba munapezeka dzenje la mitembo yoposa 25 ya anthu amene apolisi anati ndi ochokera ku Ethiopia. Amenewo analibe zilembo 6, analibe nambala ya mpando. Dziko lapansi likudziwa kuti Amayi anga anakhala pafupi ndi zenera ndipo ananyamula chikwama chimodzi cha ufa, nyemba ndi usipa, koma anyamata aja anadutsa maiko angapo popanda cholembedwa chilichonse mpaka tsiku lofukulidwa. Ndikadutsa pamenepo pa basi ndimakhala chete.

Nanga boma lathu likasonkhanitsa, limasunga bwanji? Funsoli si lachipongwe. Mu Febuluwale 2024 Pulezidenti wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi anthu amene akufuna dipo, ndipo kwa masabata angapo mapasipoti sankatuluka. Tinapereka kale zala ndi nkhope pa chitupa cha unzika mu 2017, tinalembetsa manambala a foni mu 2018. Mukawonjezera maulendo, ndiye kuti munthu yense ali m'manja mwa amene ali ndi kiyi. Malamulo alipo: gawo 21 la malamulo aakulu a dziko limateteza chinsinsi cha munthu, gawo 39 ufulu woyenda, ndipo mu 2024 tinalandira lamulo la Data Protection Act, loyang'aniridwa ndi MACRA. Chimene ndingafune ine ndi chaching'ono. Pakhale khomo limene munthu wamba angagogode n'kufunsa kuti mwalemba chiyani za ine, mwapatsa ndani, mufufuta liti, ndipo ngati mwalakwitsa ndikonze kuti. America, ndi kuuma mtima kwake konse, ili ndi ofesi yotere ya apaulendo osokonezedwa ndi maina a ena, ndipo imakupatsa nambala yoti uzilemba pogula tiketi. Mtolankhani kapena wotsutsa boma amene ulendo wake ukudziwika asanatuluke pakhomo ali ndi chifukwa chachikulu kuposa changa chofunira khomo limeneli.

Tsono ndisaloze ena okha chala. Ndili pa basi yobwerera, foni inalira. Mphwanga anali ataika pa gulu lathu la WhatsApp la banja chithunzi chimene ndinamutumizira: Amayi akumwetulira, atanyamula pasipoti ndi kapepala kokwerera, zilembo zonse zikuoneka bwinobwino. Wina anali atachiika kale pa Facebook ndi mawu akuti agogo akwera ndege. Timizere takuda ta pa kapepalako timasunga dzina ndi zilembo 6 zija, ndipo ziwirizi n'zokwanira kutsegulira tiketi ya munthu pa intaneti. Tony Abbott, amene anali nduna yaikulu ya Australia, anaika chithunzi chotere pa Instagram mu 2020, ndipo mnyamata wina wodziwa makompyuta anapeza nacho nambala yake ya pasipoti ndi ya foni. Ine ndinali pa Jenda, netiweki ikudukaduka, ndikuimbira anthu mmodzimmodzi kuti chotsani. Mphwanga anati, "Achimwene, mwayamba liti kuopa mfiti za pa intaneti?"

Sabata yotsatira ndinapita kwa mnyamata wa matiketi kukamupempha kuti afufute chithunzi cha pasipoti. Sanakane. Anatsegula foni kuti achifufuze, ndipo chala chake chinayenda nthawi yaitali chikudutsa nkhope za anthu, pasipoti pamwamba pa pasipoti, ena ndikuwadziwa, mmodzi timapemphera naye. Galasi la foniyo linali long'ambika pakona. Anachipeza, anafufuta, n'kundifunsa kuti agogo abwera liti, chifukwa akafuna kusintha tsiku ndidzayenera kutumizanso.

Amayi anakhala miyezi iwiri ndi theka, osapitirira ngakhale tsiku limodzi pa masiku amene anawadindira. Mlongo wanga anawachonderera kuti awonjezere sabata, iwo anakana. "Anandilemba kale kuti ndibwerera liti. Ndisakhale wabodza kwa amfumu a eni." Anafika atanenepa, ndi bulangeti latsopano ndi nkhani zosatha za masitepe oyenda okha. Kapepala kokwerera sanataye. Ndinachipeza Lamlungu lina m'buku lawo la nyimbo, chitasanduka chosungira tsamba, ndipo nditati ndichiwotche anandilanda.

"Chisiye iwe. Dzina langa lili pamenepo."

Linalipodi, lopanda kachizindikiro kake.